Funsani Ambuya: kodi inu akale simunkatopa?

Mwaswera bwanji adzukulu anga nonse. Mwezi uno mameseji afika ambiri mpaka foni yanga yayamba kudandaula kuti yadzaza, ndasankhapo atatu chabe chifukwa onse akulira pa maliro amodzi, nkhani ya ana aang'ono. Enanu musakwiye, ndikusungirani.

FUNSO

Ambuya, ndine mayi wa zaka 27 ndikhala ku Mchini muno mu Chipata. Ndili ndi ana atatu, woyamba zaka 5, wachiwiri zaka 2 ndi miyezi 3, wakhanda miyezi 7. Ndigulitsa salaula pa Saturday Market, amuna anga amamanga nyumba za anthu, amachoka ma 05 kubwera kutada. Ambuya ine ndatopa, osati kutopa kuja munthu amagona n'kudzuka bwino iyayi, tsiku lina ndinathira shuga mu kapenta osadziwa, ndipo nthawi zina ndimapita kutoileti kukangokhala ndikulira chifukwa ndi kokhako kumene ndingatseke chitseko, koma nakonso wa zaka 2 uja amabwera kudzagogoda. Apongozi anga atabwera kuchokera ku Vubwi ndinawadandaulirako pang'ono, anangoti ife tinalera 8 popanda mapampasi, popanda mpopi, sitinalirepo. Kuchokera tsiku limenelo ndimadziona ngati waulesi. Ndiuzeni zoona, inu akale simunkatopa?

Amake atatu, Mchini

YANKHO

Mdzukulu wanga, tinkatopa. Ndayamba ndi pamenepo kuti ngati mwana akulanda magaziniyi usanamalize kuwerenga ukhale utamva kale. Tinkatopa, tinkalira, ena tinkalirira kuchitsime ena kumunda, toileti yokhala ndi chitseko chotseka inali ya mabwana.

Apongozi ako sakunama dala ayi, aiwala. Ndikudziwa chifukwa inenso ndinaiwala. Ndinabala 6, woyamba 1978 womaliza 1992, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana anga aakazi kuti ine ndinali chitsulo, ndinkadzuka tambala asanalire kuchapa matewera, kuwawiritsa mu chitini, kuphika phala, kupita pa mzere wa unga, zonse ndekha osadandaula. Ndiye chaka chatha ndikufunafuna reji yanga mu sutikesi yakale ija ya pansi pa bedi ndinapeza makadi a kusikelo a ana onse nditawamanga ndi mphira. Ndinatsegula la mwana wa 1982. Mzere wa sikelo uja umayenera kumakwera, wake unatsika miyezi itatu yotsatizana, anesi anachita kuzunguliza ndi bolopeni yofiira. Ine osakumbuka chilichonse. Miyezi itatu mwana wanga akuwonda, mutu wanga ulibe ngakhale chithunzi chimodzi.

Ndinaimbira foni alamu anga a ku Chadiza amene ankakhala nafe nthawi imeneyo, anaseka mpaka kutsokomola, akuti mulamu chaka chimene chija munaonda ngati bango, munagona choimirira pa mzere wa unga mwana ali kumsana anthu anachita kukudutsani, ndiye tsiku lina munabwera kuchokera kuchigayo ndi unga pamutu mwana wa 1980 mutamusiya komweko akusewera ndi gaga. Ine ati mabodza. Iwo ati funsani aliyense. Kkkk chitsulo chija ndi chimenecho.

Ndipo si zachilendo, munthu amasunga zimene waona masana pamene wagona usiku, ndi m'tulo m'mene mutu umalongedza zinthu. Mayi wa mwana wakhanda sagona tulo tolongosoka, ndiye zambiri sizilongedzedwa n'komwe. Zimene zimatsala ndi zithunzi za ku situdiyo, ana atasamba atadzola Vaseline atavala za Khirisimasi, ndiye ukaziona pakatha zaka 30 umati ana anga anali ofatsa bwanji. Ofatsa kuti? Wojambula ankachita kuwaopseza.

Tsono tamvetsera mawu a apongozi akowo. Anati "tinalera". Tsiku lina mukusenda nshawa mwamtendere uwafunse mwaulemu, amayi, munalera inu ndi ndani? Chifukwa kumudzi kwa Achewa mkazi ankakhala pakwawo, mwamuna ndiye ankabwera chikamwini, ndiye mayi wobala anali ndi amake pafupi, ambuye ake, akulu ake, ang'ono ake, azakhali onse pabwalo limodzi. Ukabala unkakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa, osagwira mthiko, madzi osamba akukutenthetsera ena. Mwana akasiya bere ankapita kukagona kwa agogo ake, atsikana osinkhuka ankagona kukuka, anyamata kumphala, nsima ankadyera pamodzi mabanja angapo. Mwana wa zaka 2 ngati wakoyu m'mawa ankangotuluka n'kulowa m'gulu la anzake, amake ankamuona akamva njala basi. Iwe ku Mchini uli m'zipinda ziwiri za lendi, aneba ako ndi a ku Lundazi enawo ndi a ku Kopala, aliyense ali pa bizinesi yake, manja ndi ako awiri omwewo ndipo limodzi lagwira belo la salaula. Ntchito ya anthu 6 ukuigwira wekha ndiye n'kumadabwa kuti shuga walowa mu kapenta.

Pali china chimene akale sitikonda kunena. Amayi anga anabala 9, tinakula 6. Chikuku, malungo, kutsegula m'mimba. Akamati ndinalera ambiri sawerenga amene anawaika ku nkhalango. Usakawafunse apongozi ako zimenezi, ingodziwa mumtima kuti kulera kwa masiku ano, kothamanga ndi mwana kukiliniki thupi likangotentha, katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndi winanso pa miyezi 18, kuwerenga madeti a kusikelo, kuwiritsa madzi akumwa, nakonso ndi ntchito imene ikukudya mphamvu, ndipo ndi ntchito imene ikusunga ana amoyo.

Ine ndiye ndinalerera m'tauni muno momwe, Chipata idakali ka tauni kafumbi isanatchedwe city mu 2017, nthawi ya a Kaunda sopo, saladi ndi unga zikusowa m'masitolo a boma, ukamva kuti zafika umangotsekera mwana kumsana n'kuthamanga. Womaliza ndinamubala chaka cha chilala cha 1992 tikudya nsima ya chimanga chachikasu. Ndiye ungafunse kuti nanga inu munakwanitsa bwanji popanda mudzi. Apa ndiye pamene pamandiwawa. Ndinatenga mwana wa akulu anga kumudzi, kamtsikana ka zaka 11, ati abwere adzaphunzire m'tauni. Anaphunzira chani? Ana anga anayi anakulira pamsana pake. Sukulu ankapita Lolemba, Lachiwiri mwana wadwala khala, Lachitatu ndapita pa mzere khala, mpaka giredi 7 sanalembe. Lero ana anga ena ali m'maofesi ku Lusaka, iye ali kumudzi akulima fodya wa eni ake, amandipatsabe ulemu wonse, amanditcha amayi, ndipo ine ndikamuona nsima imandikanika kumeza. Mphamvu zimene ndinkadzitama nazo zija theka linali msana wa mwana ameneyo. Ndiye wina akakulangiza kuti tenga kamtsikana kumudzi, ine ndikuti ayi. Kuyambira 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka sekondale, mwana wa mwini ayenera kukhala m'kalasi osati pa mbaula yako. Wokuthandiza akhale wamkulu ndipo muzigwirizana malipiro ngakhale ochepa.

Nanga utani. Choyamba pita kukiliniki osati chifukwa cha ana koma iweyo, akakupime magazi. Wabala kawiri pa miyezi 20 chabe ndipo ukuyamwitsa, magazi ochepa amatopetsa munthu mpaka kumva chizungulire ukaimirira, ndipo mankhwala ake ndi timapilisi chabe. Uli komweko funsa za kulera, apite nawo bambowo asangomva lipoti. Akale kutumbiza ankakuseka nako pachitsime, lero a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, akunena zomwezo mwa chizungu kuti padutse miyezi 24 kuchokera pobala usanatenge pathupi pena. Sindikukudzudzula, zachitika zachitika, ndikungoti thupi lipume. Ndipo ngati kulira kuja kwapitirira masabata awiri tsiku ndi tsiku, chakudya osachifuna, tulo osabwera ngakhale ana atagona, kapena maganizo akubwera odzipweteka wekha kapena mwana, usadikire tsiku la sikelo, ukawauze anesi momwe wandiuzira ine, ndi matenda odziwika amene amagwira amayi ambiri akabala ndipo amachizika, si ziwanda si ulesi.

Wa zaka 5 uja apite kukalasi ya ana aang'ono pa pulaimale ya boma yapafupi, m'mawa wonse wachoka m'manja. Wa zaka 2 usalimbane naye kuti akhale pansi, sanapangidwe choncho, a zaumoyo amati mwana wa msinkhu umenewo azithamangathamanga maola 3 pa tsiku, ndiye ngati sanathamange panja adzathamangira pamutu pako. Foni ya makatuni ndikudziwa imagula mtendere, sindine mngelo nanenso adzukulu ndimawapatsa, koma isapitirire ola limodzi, ndipo wakhandayo ayi. Ndinaona mu 2024 magetsi akuzima maola ambirimbiri chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba, mafoni atafa, ana a pa laini yathu anatuluka onse kukasewera phada ndi bola ya mapepala ndipo ankagona ikangokwana 19 hours ngati aledzera.

Ndiye pamsika paja muli ndi chilimba cha ndalama eti? Pangani chilimba cha tulo. Amayi atatu ogwirizana, Lachiwiri masana ana onse kwa uyu, Lachinayi kwa uyo, amene wamasuka asachape asaphike, agone. Ndikubwereza, agone, chifukwa ndikukudziwani mukapeza mpata mumayamba kukolopa. Bambo a ana nawonso Sande akachoka kutchalitchi atenge awiri akuluwo apite nawo kulikonse, kaya kukaonera bola kaya kukayenda kuphiri, munthu wonyamula mabuloko tsiku lonse sangalephere kunyamula mwana wa makilo 12.

FUNSO

Ambuya anzanga, ine ndili ndi zaka 63 ndikhala ku Katete. Mwana wanga wamkazi anapeza ntchito ku Lusaka ndiye anandisiyira mapasa a zaka 3, ati amayi inu munatilera 5 awa awiri chabe si nkhani. Nanenso ndinavomera monyada. Pano patha miyezi 8, mawondo akuwawa, BP yakwera, kutchalitchi ku chigwirizano cha amayi ndinasiya kupita, dimba langa lauma. Ndimawakonda adzukulu anga koma ikafika 15 hours ndimafuna kuthawa. Ndikuopa kumuuza mwana wanga chifukwa ndi iye amatuma ndalama, angaganize kuti ndikukana magazi anga. Kodi mphamvu zija zinapita kuti?

Agogo a mapasa, Katete

YANKHO

Anzanga, mphamvu zija munazigwiritsa ntchito, sizinabedwe. Munazithira mwa ana 5 aja, mmodzi wa iwo ndi amene ali ku Lusakayo. Munalera muli ndi zaka 20, 30, ukagwa pansi unkadzuka osagwira khoma, lero kuti tidzuke pamphasa timayamba tapangana ndi mawondo.

Ine mdzukulu wanga wa zaka 3 anamusiya kwanga masabata awiri chabe nthawi ya Nc'wala makolo ake atapita ku Mtenguleni n'kupitirira ku maliro, tsiku loyamba anathira mchere wonse mu ndowa ya madzi, lachiwiri anatsekera mphaka mu kabati, magalasi anga ndinawapeza mu mtondo. Atabwera kudzamutenga ndinamwetulira bwinobwino ati anali mwana wabwino, galimoto itangokhota ndinagona masiku awiri. Ameneyo mmodzi. Inu muli ndi awiri ofanana msinkhu, wina akalowera kumadzulo wina kum'mawa, ndipo Katete wa lero si wa kale woti ana ungowatayira pabwalo, pali Great East Road, pali mathiraki opita ku Chanida, njinga zamoto paliponse, maso sangachoke pa mwana ngakhale mphindi imodzi. Kulondera kumeneko kumatopetsa kuposa kulima.

Kale agogo ankalandira mwana wosiya bere inde, koma amake anali nyumba yachitatu kuchokera pamenepo, madzi ankatunga amake, nkhuni amake, agogo ntchito yawo inali nthano ndi kugona naye. Zimene mwapatsidwa inu si ugogo, mwabwezedwa pa umayi muli ndi zaka 63 komanso BP.

Muuzeni. Osati pa foni muli wokwiya ana akukuwa kumbuyo, muitaneni abwere, Lusaka ndi makilomita pafupifupi 500 basi ya m'mawa imafika tsiku lomwelo. Akabwera musamuchitire chilichonse, musiyireni mapasa ake kuyambira Lachisanu mpaka Sande inu mupite ku chigwirizano, mukaone dimba, mukacheze kwa anzanu. Sande madzulo nkhani idzakhala yosavuta kuyamba, mwina adzaiyamba yekha. Pamenepo ndiye muziika zinthu poyera, pa ndalama amatumazo pakhale ya munthu wamkulu wobwera m'mawa kudzachapa ndi kuwathamangitsa, anawo ayambe kireshi, ndipo mugwirizane chaka chimene adzawatenge, chaka chenicheni chotchula nambala osati "zinthu zikakhala bwino". Abale a bambo a anawo nawonso alipo, atengeko holide imodzi. Kadi lanu la BP mumuonetse aone yekha manambala, ana athu amakhulupirira pepala kuposa pakamwa pathu. Ndipo mankhwala a BP musadumphitse chifukwa chotanganidwa, mukagwa inu mapasawo agwa nanu.

FUNSO

Ambuya, ndine bambo wa zaka 48 wa ku Kapata, ndinayendetsa mathiraki zaka zambiri, Mwami, Lilongwe, Lusaka, nthawi zina Beira. Ana athu akula, wina ali ku koleji wina giredi 11. Vuto ndi lakuti akazi anga tikangosemphana pang'ono amayamba "ana ali aang'ono munali kuti". Ambuya ine sindinkasewera, lendi, unga, mafizi zonse ndinkalipira ine. Bwanji akukumba zakale pamene ana anakula bwinobwino?

Dalaivala wakale, Kapata

YANKHO

Amuna anga (adzukulu aamuna onse ndi amuna anga, akazi anuwo asandichitire nsanje), palibe akutsutsa kuti munkagwira ntchito, kugona m'thiraki pa boda masiku atatu kudikira mapepala si masewera. Koma inu mukafika ku Beira injini munkazimitsa. Mayiwo injini yawo sinazimepo zaka 10. Akukumba lero chifukwa nthawi ijayo analibe mpata ngakhale wokwiya, munthu amayamba kumva kuwawa kwa katundu akamutula.

Ndipo sakufuna kuti mubweze kalikonse, mungabweze bwanji. Akufuna wina avomere kuti zinachitika, chifukwa mboni yawo inayenera kukhala inu ndipo munali pa msewu. Mukamayankha ndi lendi ndi mafizi iwo amamva ngati mukuwaonetsa malisiti. Tsiku lina muli awiri afunseni kuti kodi nthawi ija mwana woyamba anadwala malungo ine ndili ku ulendo, kuchipatala munapita bwanji usiku? Mukafunsa mutseke pakamwa, adzalankhula mwina ola lathunthu, mwina adzalira, musadziteteze, musatchule thiraki. Anyamata a masiku ano lamulo la ntchito la 2019 linawapatsa masiku 5 mkazi akabala, mayi masabata 14, inu m'nthawi yanu munalibe zimenezo, koma mdzukulu akadzabwera masiku muli nawo ambiri, mudzaonetse pamenepo.

Malemu amuna anga enieni anali aphunzitsi, ankagona pakhomo tsiku lililonse, sanapite ku Beira. Ali ndi zaka 70 tikusenda nshawa pakhonde anandifunsa ndi mtima woyera ati amake ana, kodi uja wa 1985 ankalira usiku ngati mdzukuluyu? Mwana ameneyo analira miyezi inayi yathunthu kuyambira 22 hours mpaka tambala, ine ndikuzungulira naye chipinda chomwecho chimene bambowo ankaliza mkonono. Ndinaseka mpaka lichero linagwa nshawa mbwee pansi, nkhuku zinadya. Kenako sindinawalankhule mpaka mawa lake.